Zitatuzitatu

Mawu akuti tambwali anatuluka m'kamwa mwanga mosavuta, ngati mmene munthu amalavulira minga ya usipa. Tinali pakhonde pa amayi ku Kande, mwezi wa June, mwera ukuwomba moti asodzi anali atakokera mabwato kumtunda, ndipo nkhani inali ya kanyumba ka msuweni wanga kamene denga lake layamba kulowa m'kati. Wina anati tikafolere, mwini wake angabwere. Ine ndinati, "Atambwali aja abwera liti? Zaka ziwiri foni osayankha, mwina pano akunamiza anthu a ku Cape Town kuti ndi mwana wa mfumu." Anthu anaseka. Amayi sanaseke. Anapitiriza kufinya chinangwa chimene anavuula m'mawa umenewo, n'kumachiyala pathandala pang'onopang'ono, fungo lake lowawasa lija likutizungulira tonse, ndipo patapita nthawi anangoti, "Aphunzitsi, mwadya?" Amayi akanditchula udindo pakhomo pawo ndimadziwa kuti ndalakwa.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Chimene chinkandizungulira m'mutu sichinali nkhope ya amayi ayi, koma dzina lina limene msuweni wangayo anapatsidwa zaka makumi awiri zapitazo, ine ndili Fomu 1, ndikumunyamulira chikwama cha ziboliboli patchuthi. Masiku amenewo zimalole za alendo zochokera ku Nairobi kupita ku Victoria Falls ndi Cape Town zinkaima pa Kande motsatizana. Zinkagona masiku awiri, azungu n'kuvala zovala zoseketsa zimene agula pakaunjika ku Mzuzu, kuwotcha nkhumba, kuvina mpaka mbandakucha, ndipo kunja kwa geti kunkakhala ife, titayala katundu pamchenga. Msuweni wanga anagulitsa thabwa la bawo kwa mayi wina wa ku Spain, namwino, wamfupi, wolankhula ndi manja omwe. Anamuuza kuti ndi la phingo weniweni, losema agogo ake aamuna osaona, amene amasema mongopapasa. Agogo athu aamuna anali atamwalira kalekale, ndipo thabwalo linali la mtengo wamba woyera, ineyo ndi amene ndinalipaka polishi wa nsapato usiku wathawo. Kutacha mayi uja anatulukira pageti manja ali m'mwamba, zikhatho zili bii ngati wagwira mphika. Ine ndinayamba kuyang'ana kothawira. Iye anamuyang'anitsitsa msuweni wangayo, msuweniyo n'kumuyang'ananso osaphethira, kenaka n'kumuuza kuti phingo wa kuno amatuluka thukuta akakumana ndi munthu wamtima wabwino. Mayi uja anaseka mpaka kukhala pansi. "Pícaro!" anatero, akumuloza ndi chala chakudacho. "Pícaro!"

"Kutukwana kumeneku, madamu?" anafunsa msuweni wanga. Mayi uja anapukusa mutu kukana, kenaka n'kuugwedeza kuvomera, nati m'Chingerezi chake chothyokathyoka ndi zonse ziwiri. Ndalama zake sanaitanitse. Anagulanso kanjovu. Ndipo poti anyamata a pageti sagulitsira dzina la ubatizo, wina amadzitcha chakudya cha azungu, wina wosewera mpira wa ku England, msuweni wanga anatola dzina latsopanoli pomwepo n'kulivala chilimwe chonse, mpaka anadzalivula atazindikira kuti alendo a ku Spain ndi ochepa ndipo Angerezi salimva. Ine linandikhalira. Patapita zaka, ndili kale pantchito, ndinalifufuza. Ndinapeza kuti m'zaka za m'ma 1500 pícaro anali mnyamata wa kukhitchini kwa anthu olemera, wotsuka mapoto ndi kutola zotsala, kapena wonyamulira anthu madengu pamsika, wa sanza, wopanda kwawo kodziwika. Za kumene mawuwo anachokera akatswiri amatsutsana mpaka lero: ena amawalumikiza ku picar, kujompha kapena kutsina pang'ono, ena ku dera la Picardy ku France. Ine ndimakonda za kujomphazo, chifukwa ndi mmene msuweni wanga ankadyera, ngati nkhuku ya pachigayo, apa pang'ono, apo pang'ono, diso lili kwa mwini mgaiwa. Lero kholo la ku Spain limatha kutchula mwana wake wopulupudza kuti pícaro likumupsompsona. Ife mawu athu ali ndi mano onse. Tambwali, kathyali, kamberembere, wakuba: ukamutchula munthu choncho wamuweruza kale, ndipo pamenepa palibe liwu ndi limodzi lomwe limene limanena kuti munthuyo dzulo anagona ndi njala.

Buku limene anthu amati ndilo linabala mtundu wonse wa nkhani za atambwali ndinaliwerengera pafoni, m'Chingerezi, usiku umodzi magetsi atazima, ndipo batire linakwanira poti ndi lalifupi. Dzina lake ndi Lazarillo de Tormes. Makope akale kwambiri amene alipo ndi a 1554, osindikizidwa m'mizinda inayi chaka chimodzi, Burgos, Alcalá de Henares, Medina del Campo ndi Antwerp, koma wolemba sanaikepo dzina, ndipo ankadziwa chimene ankachita, chifukwa mu 1559 khoti la mpingo la Inquisition linaliika pamndandanda wa mabuku oletsedwa. Kope la ku Medina del Campo linapezeka mu 1992, amisiri akugumula khoma la nyumba yakale m'tauni ya Barcarrota: wina analimatira m'khomamo pamodzi ndi mabuku ena oopsa kukhala nawo, osabweranso kudzalitenga. Ife amene tinakula tikumva za mabuku obisidwa kudenga nthawi ya Kamuzu timamumvetsa munthu ameneyo. Chodabwitsa n'chakuti mawu akuti pícaro mulibemo m'bukuli. Anadzamatirira pa nkhani zamtunduwu mu 1599, Mateo Alemán atatulutsa Guzmán de Alfarache, buku limene owerenga anangolitcha kuti Pícaro basi. Ndiye kuti naye Lázaro, mnyamata wa m'buku la Lazarillo lija, dzinali anachita kupatsidwa ndi anthu odutsa, ngati msuweni wanga.

Ndinayamba kuwerenga ndikuseka, ndinamaliza ndili chete. Bambo a Lázaro ankagwira ntchito pachigayo choyendera madzi a mtsinje wa Tormes, pafupi ndi Salamanca, ndipo anagwidwa akuboola matumba a anthu n'kumapungula tirigu. Aliyense amene anatumidwapo kuchigayo ali mwana amadziwa chifukwa chake amayi amati usachotse diso pathumba. Bambo atafera kunkhondo, mayi anayamba kukhala ndi munthu wakuda, Zaide, wosamalira mahatchi, amene ankabweretsa buledi, nyama ndi nkhuni nthawi yozizira, zonsezo zochokera ku chakudya ndi zofunda za mahatchi a abwana ake zimene ankaba n'kugulitsa. Pamenepa ndinaima kaye: m'buku la azungu la 1554, amene akuwotha naye moto mwanayo n'kumudyetsa ndi munthu wakuda ngati ine, ndipo malipiro ake ndi zikoti ndi mafuta otentha pamsana. Kenaka mayi akupereka mwana kwa munthu wosaona kuti azimutsogolera. Potuluka mu Salamanca, pamlatho, pali ng'ombe yamwala, imene ilipobe mpaka lero. Wosaonayo akuuza mwana kuti aike khutu pamwalapo amve phokoso lili m'kati, ndipo mwana atangotero akumugunditsa mutu mwamphamvu, kuti adziwiretu tsiku loyamba lomwelo kuti ali yekha. M'Chisipanishi cha lero mwana wotsogolera wosaona amatchedwa lazarillo, ngakhalenso galu wophunzitsidwa ntchitoyo. Ndikafika ku Mzuzu n'kuona kamwana katagwiridwa paphewa pakhomo pa sitolo, katatambasula dzanja, ndimapezeka ndikukayang'ana pamphumi, kufuna chotupa.

Ng'ombe yamwala ya msuweni wanga inali bwato. Asibweni, bambo ake, anapita ku Joni kudzera ku Theba iye akuyamwa, ndipo pamene maulendo a Theba ankatsekedwa mu 1988, anzawo akubwera ndi mawailesi ndi mabulangete, iwo sanaoneke. Anatchona. Mayi ake anakwatiwa kwina, mwana n'kutsala kwa agogo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anamupereka kwa mwini chilimira wina kuti azikapa madzi m'bwato ndi kupopa nyali za siginala. Ankandiuza kuti usiku woyamba, ali pakati pa nyanja, kumtunda kusakuonekanso, asodziwo anamuuza kuti asuzumire m'madzi aone mzinda wa pansi pa nyanja, n'kumukankhiramo. Anavuuka akutsamwa, iwo akufa nazo, ndipo kutacha malipiro ake anali usipa wodzaza manja awiri. Kuchokera apo anayenda mabwana monga anayendera Lázaro: wophika wa pamalo ena ogona alendo amene ankawerenga mazira madzulo aliwonse, dalaivala wa minibasi ya ku Nkhata Bay, mlaliki wina wa m'tenti amene ankamutuma kuti azigwa nthawi ya mapemphero n'kudzuka atachira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ankatero akafunsidwa chifukwa chake sakhalitsa pantchito. Ndikuwerenga za wansembe wa ku Maqueda, amene ankakhomera buledi m'bokosi n'kumapatsa mwana anyezi mmodzi pa masiku anayi, ndi za Lázaro akugona kiyi wachinsinsi ali m'kamwa, mpweya ukuimba mluzu pabowo la kiyiyo mpaka wansembe kuyesa njoka n'kumuphwanya mutu ndi chibonga, ndinkamva mawu a msuweni wanga akusimba za mazira aja.

Koma amene anandipweteka ndi bwana wachitatu, wa ku Toledo, chifukwa ameneyo ndi Mtonga weniweni. Amatuluka m'mawa atatchena, lupanga m'chiuno, kuyenda monyang'wa ngati mwini mzinda, pamene m'nyumba mwake mulibe mpando, mulibe mphika, mulibe ndi nyenyeswa yomwe. Masana amaima pakhomo n'kumatokosa m'mano ndi kaudzu kuti odutsa aziti wadya nyama. Kwawo anachoka chifukwa chosafuna kuyamba ndiye kuvulira chipewa mnansi wake. Mapeto ake wantchito ndiye akukapemphetsa n'kumadyetsa bwana, ndipo eni nyumba atabwera kudzafuna lendi, bwana ndiye akuthawa wantchito. Ife Atonga a kuno timasekedwa dziko lonse chifukwa cha ukhondo ndi kutchena, ndipo sitikana. Pitani mukaone malipenga, makabudula ositidwa mpaka kuima okha. Chithunzi chimodzi chokha chimene asibweni anatumiza chili m'nyumba mwa amayi: suti, chipewa chopendeka, dzanja lili pa galimoto imene tonse tikudziwa kuti si yawo. Chifikireni mishoni ku Bandawe mu 1881 n'kutipatsa Chingerezi, anyamata a gombe lino akhala akulowera kumwera ndi lilime ndi kolala yoyera, chuma china alibe. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi pomwepa, anachoka mu 1915, nagwira ukalaliki kwa mabwana osiyanasiyana ku Mozambique ndi m'migodi ya ku Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918, chaka chotsatira n'kuyambitsa bungwe la antchito la ICU limene linagwedeza dziko lonse la South Africa. Iyeyo si tambwali, ndipo sindikumuika m'gulu limenelo. Ndikungoti msewu umene anayenda ndi womwewo anayenda asibweni, ndi womwewonso wayenda mwana wawo.

Ntchito ya tambwali m'mabuku amenewa ndinaimvetsa nditakumbukira mmene msuweni wanga ankawadziwira anthu. Wantchito amalowera khomo lakumbuyo. Amadziwa chimene abusa amabisa kunsi kwa bedi, amadziwa kuti abwana a suti agonera madzi, amadziwa kuti chozizwitsa cha Lamlungu chinakonzedwa Lachinayi. Ukafuna kuonetsa dziko lonse, kuyambira kwa wopemphetsa mpaka kwa wansembe wamkulu, tenga mwana wanjala umuyendetse khomo ndi khomo, iye azingonena zimene waona kukhitchini. N'chifukwa chake nkhani zotere zimangolumikizana ngati mabogi a sitima, bwana uyu watha kwabwera wina, ndipo n'chifukwa chake zinawoloka malire mosavuta: Simplicissimus ku Germany mu 1668, Moll Flanders wa Daniel Defoe mu 1722, mpaka Wangrin wa Amadou Hampâté Bâ mu 1973, womasulira wa atsamunda amene ankadyera Afalansa ndi mafumu omwe. Koma chachikulu, kwa ine, ndi kaliwu kakang'ono kakuti ine. Lázaro akusimba yekha. Buku lonse ndi kalata yopita kwa munthu wina wolemekezeka amene wafunsa za mphekesera inayake, ndipo Lázaro, m'malo moyankha mwachidule, akuyambira pachigayo penipeni. Mwana wa wakuba akugwira cholembera m'nthawi imene mabuku ankasimba za ngwazi za nkhondo ndi ana a mafumu. Ife Kalulu tili naye, ndipo amachenjera kuposa Lázaro, koma Kalulu sasimba yekha. Amasimbidwa ndi agogo, ife n'kumavomera kuti tili tonse, ndipo sitimva kuti tsiku limene anakana kukumba nawo chitsime m'mimba mwake munali bwanji. Nthondo wa Samuel Nthara, wa mu 1933, ndiye wayandikirako: mwana wosamva, wakuba, woyenda maulendo kukafuna ntchito. Koma Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Nthondo akusimbidwa ndi wina, ayenera kutembenuka mtima ndi kulowa ufumu kuti nkhani ithe bwino. Tambwali wathu amalowa m'buku pokhapokha atasamba.

Ganizo limeneli ndinakhala nalo masiku angapo ndikulikonda, mpaka linayamba kundinunkhira. Nanga Lázaro analembadi yekha? Mwana wa pachigayo akanawadziwira kuti Pliny ndi Cicero amene akuwatchula m'mawu oyamba? Kumbuyo kwake kuli munthu wophunzira amene wavala sanza kuti anene zimene sakanatha kunena atavala mkanjo. Alemán amamulola Guzmán kuba kamodzi n'kumulalikitsa mpaka wowerenga kuwodzera, ndipo ulalikiwo ukuchokera m'ngalawa ya akaidi opalasa, munthu atalapa kale. Francisco de Quevedo, mwana wa banja lapamwamba, analemba El Buscón, losindikizidwa mu 1626, ndipo ukamawerenga umachita kuona kuti akumuda Pablos wake, akumugwetsera m'matope dala nthawi iliyonse imene wayesa kukwera, mpaka kumukweza chombo cha ku America kumene zinthu zikukaipiraipira. Ndiye kuti pakamwa ndi pa tambwali koma lilime ndi la aphunzitsi. Ndipo pano ndi ine, aphunzitsi, ndikulemba za msuweni wanga amene analekeza Sitandade 5, ndikusankha zoti mumve ndi zoti musamve. Ndakusimbirani za polishi poti n'zoseketsa ndipo ine ndinali mwana. Za lipoti sindinanene.

Bambo anga anamwalira ndili Sitandade 8, mayeso atayandikira. Nditasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, pakhomo panalibe ndi mbuzi yomwe yoti tigulitse. Teremu yoyamba analipira msuweni wanga ndi ndalama za ziboliboli. Kenaka anatenga lipoti langa, n'kukalimatitsa pulasitiki ku Chintheche, n'kumayenda nalo m'thumba la malaya. Akamayendetsa alendo m'mudzi, kuwaonetsa sukulu, chipatala, mjigo ndi maenje oviikamo chinangwa, ulendo unkathera pakhomo pathu, pamphasa, ndi kondowole ndi usipa wa tomato. Pamenepo lipoti linkatuluka. Uyu ndi mng'ono wanga, ankatero, alibe bambo alibe mayi, nambala wani m'kalasi. Za nambala wani zinali zoona. Za bambo zinali zoona. Amayi anali pomwepo, atagwada, akuthirira alendo madzi osamba m'manja, ndipo kwa alendowo anali azakhali achifundo. Ankafa kangapo pamwezi amayi anga, chilimwe chilichonse kwa zaka zinayi, Chingerezi akuchimva bwinobwino poti sukulu anaphunzirako, ndipo nkhope yawo sinasinthe ndi tsiku limodzi lomwe. Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga a kuno m'zaka za m'ma 1950, analemba buku lathunthu, The Politics of Kinship, kufotokoza mmene timapindira ubale kuti utithandize pa mlandu ndi pa malo. Akanafika pamphasa imeneyo akanawonjezera mutu wina. Msuweni anasanduka mkulu wanga, mayi anasanduka azakhali, ndipo ine ndinali ndi ondilipirira fizi asanu, m'maiko anayi, aliyense akuyesa kuti ali yekha. Makalata othokoza ndinkalemba ine, ndi dzanja langa lokongola lija, kasanu, kusintha dzina lokha pamwamba. Namwino wa ku Spain anali mmodzi wa iwo. Nthawi zina ndimadzitonthoza kuti iyeyo ankadziwa, paja zikhatho zake anali ataziona.

Muli nkhani ya mphesa m'buku lija imene ndinaibwereza kawiri. Pamudzi wa Almorox munthu wina anapatsa wosaona uja phava la mphesa, ndipo iye anapangana ndi mwana kuti azithyola imodziimodzi mosinthana, pasakhale kuberana. Posakhalitsa nkhalambayo inayamba kuthyola ziwiriziwiri. Mwana anaona, sananene kanthu, anangoyamba zitatuzitatu. Phava litatha, nkhalamba inagwira kamtengo kotsalako n'kumuuza mwana kuti wamubera, ndipo umboni wake unali umodzi: iye ankadya ziwiri, mwana osadandaula. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuwerengera msuweni wanga zimene anadya. Fizi inali gawo limodzi mwa magawo asanu. Zotsalazo zinapita ku wailesi ya makaseti awiri, nsapato zoyera, mowa wa ku Chintheche ndi atsikana. Ndinkaziona zonsezo, ine mwana wa kwaya wa CCAP, wodziwa malamulo khumi pamtima, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu kwa wamkulu. Wailesi inafa kalekale, nsapato zinang'ambika, koma satifiketi ili m'fulemu pakhoma panga ndipo imandibweretsera malipiro mwezi ndi mwezi. Ndikawerengera bwinobwino, amene ankathyola zitatuzitatu sindikuona kuti anali iye.

Ndisamuyeretse, angandiseke. Msuweni wanga sankabera azungu okha. Anatenga ndalama za mayi wina wamasiye amene amagulitsa zigumu m'mbali mwa msewu wa M5, ati akamugulire malata ku Mzuzu, ndipo malatawo mpaka lero akubwera. Ali ndi mwana ku Dwangwa amene sanamugulirepo ndi sopo yemwe. Mayi wamasiyeyo mukamuuza za njala ya ku Salamanca akhoza kukuponyerani chigumu kumaso, ndipo ine sindingamuletse. Apa ndi pamene mawu a namwino uja amandithera, chifukwa n'chapafupi kuseka polishi pamene m'chikwama muli tiketi ya ndege. Naye Lázaro sanasiyane naye bwino wosaona uja: tsiku la mvula ku Escalona anamuimika moyang'anana ndi chipilala chamwala, namuuza kuti pali ngalande adumphe ndi mphamvu zonse, n'kumusiya ali thapsa, mutu utang'ambika. Koma mathero a bukulo ndiwo amandisowetsa mtendere. Lázaro sakufa, sakumangidwa, sakulapa. Akugulitsa madzi zaka zinayi, akugula zovala zapakaunjika zooneka ngati za munthu, kenaka akupeza ntchito ya boma, yolengeza malonda ndi milandu m'misewu ya Toledo. Akukwatira wantchito wa wansembe wamkulu, mzinda wonse ukunena chimene mkaziyo amakachita kunyumba kwa wansembeyo, ndipo iye wasankha kusamva, poti tirigu akubwera ndi nyama ya pachikondwerero. Mphekesera imene anafunsidwa ija ndi imeneyi, ndipo iye akuona kuti zake zayera. Nditafika pamenepo sindinamuonenso msuweni wanga. Ndinaona munthu wa ntchito ya boma, wa malaya ositidwa, amene anaphunzira ali mwana kuti pali nkhani zina zosafunsa.

Zimalole zinasiya kubwera mu 2020, matenda a Covid atatseka malire. Pageti panamera udzu. Anyamata ena anabwerera ku chilimira, ena anayamba kabaza, iye anagulitsa ziboliboli zotsala kwa munthu wa ku Lilongwe pamtengo wa nkhuni. Chaka chotsatira anabwera kunyumba kwanga madzulo, atavala jekete ngakhale kunkatentha, kudzabwereka ndalama ya basi ya ku Joni. Ndinamukhazika pakhonde, osati m'nyumba. Ndinamupatsa theka la zimene anapempha, pamodzi ndi malangizo ambirimbiri a kukhulupirika. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa monga mwa nthawi zonse, kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lipoti lija, pulasitiki itachita chikasu, m'makona mutapindika. "Aphunzitsi, katundu wanu uyu. Kumene ndikupitako sagula zimenezi." Ndinaseka, iyenso anaseka, paja atambwali sametana. Miyezi yoyamba ankatumiza zithunzi pa WhatsApp, ataima pafupi ndi galimoto, Table Mountain ili kumbuyo. Kenaka nkhope yake inachoka panambala, uthenga n'kumangoonetsa kachizindikiro kamodzi kotuwa. Ndimayesabe Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi. Mkazi wanga amayesa ndikuwerenga mauthenga a kumpingo.

Denga lija tinafolera mu August, udzu ndinagula ine, amayi sananenepo kanthu. Sabata yathayi, nditatsala ndekha mu ofesi ya aphunzitsi, kunabwera mtsikana wa Fomu 2, wanzeru, wa yunifolomu yothina. Zimalole zayambanso kubwera, ngakhale si zambiri ngati kale. Anati mlongo wake amene amayendetsa alendo wamutuma kuti ndimulembere kalata ya chidindo cha sukulu, yonena kuti ndi mwana wamasiye ndipo amakhoza bwino. Mayi ake ndimawadziwa, ndimagula kwa iwo tomato pa Kande Loweruka lililonse. Ndinamufunsa kuti, "Wamasiye wa mbali iti, mwanawe?" Anayang'ana pansi, nsapato ikukanda simenti, nati, "Bambo, sala." Ndinalemba kuti bambo ake anamwalira, ndinalemba magiredi ake onse monga alili, za mayi sindinalembe kanthu, ndipo pakati pa chiganizo chomaliza ndi siginecha yanga panatsala mpata wokwana mizere iwiri. Mpatawo ndinauona. Chidindo chinali chouma, moti ndinachita kuchiuzira mpweya kawiri chisanagwire papepala.